Tsiku Limene Ndinafunditsa Mapaipi ku Doha

Ine si munthu wopupuluma. Malemu mkazi wanga ankati ndimayamba ndapemphera ndisanagule ngakhale nsapato. Koma tsiku lina ndinachita zinthu mwachangu, ndipo nyumba ya eni ake inasamba kuchokera m'mwamba mpaka pansi.

Ndinkayendetsa galimoto ndi kusamalira nyumba ya mzungu wina wa ku Canada, ku Al Khulaifat, mumzinda wa Doha. Kontrakiti yanga inali pafupi kutha, ndipo sukulu ya ana anga ku Ntcheu inkadikira kuti mzunguyo aisainenso, fizi ipezeke.

Mu Januwale, ndili pa chiwongolero, abwana analandira foni yochokera kwawo. Atadula anapuma mozama, n'kundiuza kuti nyumba yawo ya kumeneko yasefukira. Madzi anaundana m'mapaipi otenthetsera nyumba, mapaipiwo n'kuphulika.

"Nanga zimenezi zimapewedwa bwanji, bwana?" ndinafunsa.

"Umakulunga mapaipi kuti afunde, mipopi n'kuisiya ikudontha pang'ono. Madzi oyenda saundana."

Mawuwo ndinawasunga mumtima ngati vesi loloweza. Mawa lake iwo ndi adona anakwera ndege, makiyi n'kundisiyira.

Sabata yomweyo kunayamba kamphepo kozizira. (Ukazolowera ng'anjo ya kuno, kamphepo kosafika n'komwe pa Juni wa ku Dedza kamakugwedeza mano.) Ndinati nyumba ziwiri za munthu mmodzi zisaonongeke ine ndilipo. Lachisanu m'mawa, tsiku limene timapemphera kuno, ndinatenga mabulangeti n'kuyamba kufunditsa mapaipi a panja.

Che Mussa, mlonda wa pageti wochokera ku Mangochi, anaima n'kumaonerera.

"Achimwene, paipiyo yadwala malungo?"

"Ndikuiteteza ku chisanu."

"Chisanu? Ku Doha? Wallahi, dziko loti mu Julaye madzi a pampopi umangothiramo masamba a tiyi! Muigulirenso chipewa."

Ndinangowakhululukira mumtima, pokumbukira kuti munthu uja wa chingalawa wa m'Baibulo ankamusekanso. (Chitsanzo chimenechi ndikanachiganizira bwino.)

Ndinakwera m'mwamba. Mpopi wa m'bafa la abwana ndinaukulunga ndi thawulo lalikulu la adona, n'kuutsegula kuti uzidontha. Kenaka ndinaganiza kuti "pang'ono" wa azungu mwina ndi wochepa, ndiye ndinawonjezerako. Ndinatseka chitseko mtima uli m'malo, ulendo wa kutchalitchi. Ndinaimba bwino tsiku limenelo. Ndinatsalanso kucheza ndi abale.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti thawulo likamwa madzi limalemera, likalemera limatsetsereka, ndipo likagwa silisankha pena pogwera koma pa kabowo kotulukira madzi.

Pobwera masana ndinapeza Che Mussa atapinda thalauza mpaka m'maondo.

"Yalla, yalla, fulumirani achimwene! Chisanu chanu chija chasungunuka!"

Madzi ankatsika masitepe mwaulemu, sitepe ndi sitepe, n'kumatulukira kunsi kwa chitseko. Kapeti inkalira tchwa tchwa ukaiponda. Siling'i ya pabalaza inali italendewera ngati mimba ya ng'ombe ya bere. Tinakolopa mpaka msana kukana. Kapeti tinaiyanika panja, ndipo dzuwa la m'nyengo ya chisanuyo linaiumitsa gwa, ngati likundinyoza. Koma siling'i sungaiyanike.

Abwana anabwera okha, atatopa ndi kukolopa kwawo. Anaima pabalaza, maso m'mwamba. Ine ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse mwandondomeko, osabisa ngakhale thawulo. Mumtima ndinali nditayamba kale kulongedza katundu.

Abwana anayang'ananso siling'i ija. Kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye pali paipi imene inaundana?"

"Ngakhale imodzi, bwana."

Anakhala pansi pa sitepe n'kuseka mpaka kutsokomola. (Adona atamva pafoni za thawulo lawo sanaseke nawo.) Kontrakiti anasaina, koma anandipempha kuti za mipopi ndiziwasiyira okha.

Che Mussa mpaka lero amati chisanu sichikanabwera n'komwe. Mwina akunena zoona, ine sindifulumira kuweruza munthu. Koma mapaipi aja anadutsa Januwale yense ali amphumphu, ndipo palibe amene wanditsimikizira kuti si chifukwa cha mabulangeti anga.