Yotamu ndi Chipatala cha M'thumba

Khalani pansi ana inu, mafoniwo muyambe mwaika m'matumba. Mwambi wathu wa lero unayamba motere. Ena adzakuuzani kuti ndi wakale kuposa mafoni, koma asiyeni, iwowo kunalibe.

Panali mnyamata wina dzina lake Yotamu Kachiwanda, amene anapita kutauni kukaphunzira za makompyuta. Anabwerako ndi laputopu, nsapato zosongoka, ndi matenda amodzi osamva mankhwala. Munthu akangotsegula pakamwa kuti amuuze kanthu, iye ankamudula, "Ndadziwa kale." Ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, ndadziwa kale. Ukamunong'oneza kuti zipi yatseguka, ndadziwa kale. Anthu anatopa naye, anangoiwala dzina laubatizo n'kumamuitana Ndadziwakale, iye n'kumavomera monyadira ngati ndi digiri.

Yotamuyu analeredwa ndi azakhali ake, a Nankhoma, amene maso awo anafa ndi matenda a shuga. Mwezi uliwonse ankatenga ndodo yawo yoyera n'kupita okha kuchipatala cha m'deralo. Ankalembetsa dzina pazenera, n'kukalandira mankhwala. Mankhwalawo ndiwo anali moyo wawo, pakuti kuwadumphitsa kunali kuitana manda. Foni anali nayo, yolankhula, yowawerengera chilichonse chimene chala chakhudza, ndipo mauthenga a gulu la kwaya sankawaphonya.

Tsiku lina Yotamu anaona mzere wa pazenera paja ndipo unamunyansa. Anakalowa kwa akuluakulu a chipatala ndi laputopu yake, nawalonjeza pulogalamu ya pafoni yotchedwa Chipatala cha M'thumba. Wodwala azingodina ali kunyumba, alandire nambala, abwere adzatenge mankhwala. Akuluakulu aja, amene mawu oti "zamakono" ankawaledzeretsa kuposa kachasu, anaomba m'manja.

Namwino wamkulu, mayi Chapola, ndiwo okha sanaombe nawo.

"Achimwene, odwala athu ambiri ndi osaona, ena osamva, ena manja amanjenjemera. Ali ndi gulu lawo, amakumana pompano. Bwanji mukhale nawo pansi muwafunse?"

"Ndadziwa kale, mayi. Ine ndakulira m'nyumba ya munthu wosaona."

Zinali zoona ndithu, anakuliramo. Ngakhale mphaka amakulira m'khitchini, koma sitinamvepo kuti waphika.

Kunyumba azakhali anamva kulira kwa mabatani a laputopu, nati, "Iwe Yotamu, bweretsa chinthucho ndichiyese pafoni yangayi usanachipereke."

"Musavutike azakhali, ndachiyesa kale nditatsinzina."

Kuyesa kwake kunali kotere. Anatsinzina, natenga foni, n'kumadina. Popeza batani lililonse analiika yekha, chala chinkangofikapo ngati ng'ombe yobwerera kukhola. Pena pakavuta, diso lamanzere linkatseguka pang'ono, mwangozi basi. Atatha anadziuza yekha, "Kusaona n'kophweka chonchi? Nanga amadandaula chiyani?"

Kukongola kokha pulogalamuyo inali yokongola, tisamunamizire. Mawu anachotsamo poti amadetsa, anangoikamo tizithunzi. Malemba ochepa amene anatsala anali ang'onoang'ono ngati nsabwe, otuwa pamalo potuwa. Wochedwa kudina inkamubweza koyambirira, kuti a manja onjenjemera aphunzire changu. Osamva anawaganiziranso: akasowa pogwira, aimbe foni. Ndipo pakhomo penipeni anaikapo mlonda, funso loti, "Tsimikizani kuti ndinu munthu. Sankhani zithunzi zonse zimene muli njinga."

Kuti anthu asabwerere ku zachikale, analangiza kuti zenera lolembetsera lija litsekedwe ndi njerwa, ndipo kompyuta ya kumankhwala isamatulutse ngakhale m'bulu umodzi popanda nambala. Akuluakulu anaombanso m'manja.

Tsiku lotsegulira linafika. Tenti anakhoma, chimkuzamawu anabwereka, mlendo wolemekezeka anabwera ndi mimba yake. Yotamu anabwera ndi azakhali, chifukwa chithunzi chokhala ndi ndodo yoyera chimagwira mtima. A Nankhoma anavomera pa chifukwa chawochawo: m'bulu wotsiriza anali atamwa m'mawa womwewo.

"Tsopano muona zodabwitsa!" anatero Yotamu, akusendeza foni ya azakhali pafupi ndi chimkuzamawu. Za njinga zija anadina yekha mwachangu. "Apa ndingokudutsitsani, azakhali."

"Mwezi wamawa udzakhalapo kuti udzandidutsitsenso?"

Yotamu anaseka ngati amva nthabwala. A Nankhoma anayendetsa chala pagalasi, foni n'kuyamba kuwerenga zimene inapezapo.

"Batani," inatero foni.

Anasuntha chala.

"Batani."

Anasunthanso.

"Batani. Batani. Batani."

"Iwe Yotamu, iyi ndi foni kapena shati?"

Anthu anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Yotamu thukuta linali kamukamu. Anawerama n'kunong'ona, kuiwala kuti chimkuzamawu sichisunga chinsinsi, "Dinani pa kabotolo kobiriwirako, azakhali."

"Kobiriwira. Zikomo mwanawe, wandithandiza kwambiri."

Anangodina pamene chala chinali. Foni inalengeza mokweza, mpaka ogulitsa nthochi kumsewu anamva: "Zikomo mayi Nankhoma. Mwalembetsa sikelo ya amayi oyembekezera."

Tenti yonse inagwa ndi phwete. Mlendo wolemekezeka anaseka mpaka mpando unadandaula. A Nankhoma, amene imvi zinali mbuu, anadikira kuti phokoso lithe.

"Tayamika, bambo wa mwanayo tidzamufufuza bwino. Koma ine ndabwerera mankhwala a shuga. Andithera lero."

Kuseka kunazima. Mayi Chapola anathamangira kumankhwala, nabwerako manja ali m'khosi. Popanda nambala kompyuta inali itakana, monga momwe mwini wake anaiphunzitsira.

"N'zosavuta izi," anatero Yotamu, "bweretsani ndikudinireni."

"Ayi. Paja unati unachiyesa utatsinzina." A Nankhoma anamasula duku kumutu kwawo. "Mayi Chapola, m'mangeni kumaso. Mumangitse ndithu, diso lake lamanzere ndimalidziwa kuyambira ali mwana."

Anam'manga, n'kuyambitsanso pulogalamu. Foni inalankhula mwaulemu, "Tsimikizani kuti ndinu munthu. Sankhani zithunzi zonse zimene muli njinga."

Yotamu anakhudza galasi.

"Chithunzi," inatero foni. "Chithunzi. Chithunzi."

Anadina mwamwayi.

"Mwalakwitsa. Tsimikizani kuti ndinu munthu."

Anadinanso, nalakwitsanso. Mnyamata wa digiri anaima pamaso pa khamu lonse, duku la azakhali kumaso, akulephera kutsimikizira chinthu chopanga yekha kuti iye ndi munthu. Mantha anamugwira tsopano, osati a manyazi okha. Anakumbukira tsiku lina ali wamng'ono pamene shuga anawagwetsa azakhali pakhonde, iye akulira kuwagwedeza osadzuka.

A Nankhoma sanadikire. Anatenga ndodo yawo n'kulunjika kumene mapazi awo ankadziwa, kuzenera lolembetsera. Ndodo inagunda khoma, go! Anakweza dzanja n'kupapasa. Pamene pankakhala zenera panali njerwa, simenti yake isanaume n'komwe, pamwamba atamatapo chithunzi cha Yotamu akumwetulira.

Anaima pomwepo, dzanja lili pakhoma. Yotamu anafika pambuyo pawo, duku lili m'manja.

"Yotamu, ndinakulera ndili ndi maso, ndinapitiriza kukulera maso atapita. Timadyera mbale imodzi. Kundifunsa kamodzi kokha kukanakuthothola dzino?"

Pakamwa pa Yotamu panatseguka mwachizolowezi, koma mawu ake aja anakana kutuluka. Amene analipo amati kunali koyamba chibwerere kuchokera kutauni.

Mayi Chapola anabwera ndi hamala ya amisiri n'kumupatsa m'manja. Mlendo wolemekezeka, amene anaitanidwa kudzadula riboni, anakhala mboni ya kugumula khoma. Yotamu anamenya njerwa atavala nsapato zake zosongoka zomwezo, fumbi lili kobo, mpaka zenera linaonekanso ndipo dzina la azakhali linalembedwa ndi cholembera. Mayi Chapola anaisiya pambali kompyuta ija n'kutsegula okha kabati, ndipo azakhali analandira mankhwala dzuwa lisanalowe.

Akutuluka pageti, mlendo uja anafunsa a Nankhoma, "Mayi, nanga chipatala chatsopanochi mwachiona bwanji?"

"Kuona sindinachione, bambo. Akuti n'chokongola kwambiri. Polowera pokha ndi pamene sindinapapeze."

Tsono ana inu, mukamapangira munthu chinthu, kaya ndi mpando kaya ndi za m'mafoni mwanuzo, yambani mwamufunsa mwini wake. Mukapanda kutero, anthu adzakulozani chala n'kunena zimene ananena tsiku limenelo akubalalika: Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.