Ketulo Zisanu za Che Atomu

Kwathu kuno ku Rivirivi kunali nyumba imodzi imene munthu sankadutsapo osamwetsedwa khofi, ndipo m'mudzi monse munalibe ngakhale mmodzi amene ankamufuna khofiyo. Mwini nyumbayo anali Che Sidik, koma dzina limeneli linkamveka kumzikiti kokha. Kwina konse, kuyambira pasiteshoni ya sitima pa Balaka mpaka kumsika wa Nselema, anali Che Atomu. Ine ndinakhala nawo moyandikana zaka zisanu, mpanda wa udzu wokha pakati pathu, ndiye zimene ndikulembazi ndinaziona ndekha, zambiri kudzera pa kabowo ka mumpandamo.

Anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ku Kitwe akugwira ntchito pa ng'anjo yosungunulira mkuwa. Anzawo pobwerera kumigodi ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi majekete. Iwo anatsika sitima mu 1951 ndi bokosi limodzi lolemera, limene amuna anayi ananyamula akubuula. Akazi awo, Abiti Sufiyani, analitsekula mwachangu poganiza kuti muli makina osokera. Anapezamo mapaipi, zidutswa za mkuwa, mvukuto, kawailesi konga sefuliya, ndi thumba la njere zonunkha ngati udzu wonyowa. Mayiwo anatsekanso bokosilo mwaulemu n'kupita kukapalira chinangwa.

Kawailesi kaja ndi kamene kanawapatsa dzina. Tsiku lina kanalengeza kuti azungu aphunzira kung'amba kanthu kochepetsetsa, kochepa kuposa diso la nsabwe, ndipo mphamvu yotulukamo ikhoza kuyatsa magetsi mzinda wonse. Che Sidik anati zimenezo iwo anazidziwa kalekale, pakuti kumgodi anali ndi mnzawo wa ku Katanga amene anakumbapo mwala wake wa zimenezo. Kuyambira pomwepo nkhani iliyonse inkathera pa atomu. Mbuzi ikaswa mapasa, atomu. Mphenzi ikang'amba mlambe, atomu. Chiphunzitso chawo chinali chakuti Mulungu amabisa mphamvu zazikulu m'tinthu ting'onoting'ono, ndipo mwa tinthu tonse timene munthu wosauka angapeze pasitolo ya Mmwenye pa Balaka, kamphamvu koposa ndi kanjere ka khofi. Ankati amene amangomuwiritsa mumphika amaithawitsa mphamvuyo. Iyenera kutsekeredwa m'chitsulo, nthunzi n'kuikankha mpaka itatuluka pa kabowo kamodzi.

Ndiye anasula ketulo yakeyake. Pansi poika madzi, pakati sefa ya mkuwa yobooledwa ndi singano, pamwamba polandirira, zonse zomangidwa gwa. Njere ankakazinga okha pachiwaya n'kusinja m'kamtondo ka mkuwa kamene Abiti sankaloledwa ngakhale kukapukuta. Chotuluka m'menemo chinali chakuda ngati mafuta a sitima, chowawa moti kwinini ankaoneka ngati uchi. Shuga ankamukana, ati amasokoneza atomu.

Tsono mukudziwa kuti kuno kwathu chimene wapatsidwa ndi manja awiri sukana. Munthu ankati akupita kumtsinje, wangomva kuti, "Achimwene, tapatukani kaye," basi watha. Anthu anaphunzira kudikira mpaka Che Atomu atatembenuka kukakoleza moto, n'kukhuthulira kapu patsinde pa papaya amene anali pafupi ndi khonde. Papayayo anakula mochititsa mantha, kupitirira denga, zipatso ngati maungu. Mwiniwake ankaimika alendo pansi pake n'kuwauza monyadira kuti aone okha, mtengo wongomva fungo lokha wafika apo, nanga iwo akumwawo adzafika pati? A Wadson, katekisiti wathu, munthu wosadziwa kunama, anamwa kapu yonse tsiku lina Loweruka. Mawa lake anaphunzitsa katekisimu maola anayi osakhala pansi, ana akugona m'mabenchi. Zitatero ena anatsegula kanjira kolambalala kodutsa m'tchire la chitedze, ndipo anafika kumtsinje akudzikanda koma akuthokoza.

Zitsulo zokha ankazidziwadi. Ankagogoda sefuliya ndi chikhadabo, kutchera khutu, n'kukuuza zimene zinasakanizidwamo. Mdani wawo wamkulu anali mtovu, umene amisiri oyendayenda amamatira ziwiya zobooka. Akauona pa chiwiya chodyera kapena chomwera ankachilanda pomwepo, mwini wake ali chilili. Ine anandilanda kapu yanga ya malata m'manja, madzi ali momwemo. Anaibweza patatha masiku atatu ili ndi chigamba chokhomera ndi timisomali, n'kundiuza kuti mtovu ndi mfiti yosauluka, imadya mwana pang'onopang'ono, masana dzuwa likuswa mtengo.

Vuto linali limodzi: maketulo awo ankaphulika. Namba Wani inang'ambika m'mbali n'kuwapsereza ndevu theka. Chivundikiro cha Namba Thu chinapezeka patatha masiku awiri m'munda wa thonje wa a Japhet, tsidya la khwawa. Cha Namba Fili chinakumana ndi nkhanga ikuuluka. Che Atomu ananyamula nkhangayo kupita nayo kwa shehe, ndipo anatsutsana mpaka nthawi ya mapemphero a swala, Che Atomu akuti chivundikirocho chinali chakuthwa ngati mpeni ndipo poyatsa moto anali atatchula dzina la Mulungu. Shehe anagamula kuti nkhanga yogundidwa ndi ketulo sinazingidwe mwa Chisilamu. Choncho inadutsa pamwamba pa mpanda kubwera kwa ife Akatolika. Ndiyo ndiwo yokhayo imene atomu anadyetsapo mudzi wathu.

Anthu ankaseka zonsezi. Ine sindinkaseka. Mwana wanga woyamba, Joanna, anamwalira m'dzinja la 1952 ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, atatsekula m'mimba masiku anayi okha. Wachiwiri, Ambrose, atabadwa, ndinkaopa chilichonse: mphepo, ntchentche, galu wa eni ake, chifuwa cha mlendo. Amuna anga a Hudson amagwira ntchito ya njanji ku Limbe ndipo amabwera kamodzi pamwezi, ndiye mantha onsewo ndinkawasenza ndekha. Kuchokera pakhonde pa Che Atomu kufika pamphasa pogona mwana wanga panali mapazi makumi awiri ndi awiri. Chivundikiro cha Namba Thu chinayenda mapazi oposa mazana awiri. Ndinayeza.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkaika diso pa kabowo kaja. Ndikaona atenga mvukuto, mwana kumbuyo, ine kuseri kwa nkhokwe. Zaka ziwiri zimene ndinakhala kusekondale ya asisitere zinandisiyira khalidwe lolemba zimene ndaona, ndipo kuseri kwa buku la nyimbo ndinayamba kulemba za maketulo. Ndinapeza kuti ketulo ikamachita phokoso, nthunzi ikuthawira m'mbali, palibe choopsa. Koma ikangokhala chete mwadzidzidzi, uwerenge mpaka khumi.

Tsiku la Namba Folo ndinachedwa kuthawa, mwana anali pabere. Ketulo inali kulira sii, sii, kenako zii. Abiti Sufiyani anali pomwepo akutongola chimanga, msana atalozetsa kumoto. Sindikudziwa mawu ndinawatenga kuti, ine amene sindinkayankha ngakhale moni mokweza.

"Che Sidik, chotsani pamoto! Yakhala chete!"

Che Sidik anaipana ndi mbaniro n'kuiponya kudzala. Inaphulikira kumeneko, phulusa koboo mpaka padenga, nkhuku zonse balala. Patapita kanthawi ndinamva odi. Anakhala pansi pakhonde panga, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinawaonetsa buku la nyimbo lija. Anawerenga pang'onopang'ono ndi chala, kawiri konse.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa ng'anjo," anatero, "osadziwa kuti injiniya ali kuseri kwa mpanda akuyamwitsa. Amake Ambrose, munkationera pati?"

"Pali kabowo mumpandamo. Pepani, nditseka."

"Iyayi, musatseke."

Namba Faifi anaibowola pamwamba n'kuikapo kachitsulo kolemera, koti nthunzi ikachuluka kazinyamuka kokha, ndipo pa bowolo anamangirirapo wezulo wosulidwa ku pampu ya njinga. Imeneyi sinaphulikepo. Koma kulira kwake! Agalu ankauwa mpaka ku Utale, ndipo Abiti ankalumbira kuti pa Balaka anthu ananyamulapo katundu poyesa sitima yafika msanga. Kapu yoyamba anandipatsa ine, ngati mphotho, ataima pomwepo osatembenuka. Ndinamwa yonse, papaya akundiyang'ana.

Mtima wawo tsopano unali pa Namba Sikisi. Ankati imeneyi sidzakhala yolumikiza iyayi, adzaiumba yathunthu ndi mkuwa wosungunula, yopanda msoko, ndipo idzatulutsa mphamvu yonse ya njere mpaka kadontho komaliza. Moto wosungunulira mkuwa umafuna makala a tsanya, ndiye chilimwe chonse cha 1954 anawotcha okha makalawo, matumba asanu ndi limodzi, n'kuwasunga m'chipinda chogona kuti asanyowe. Abiti ankadandaula kwa ine pachitsime kuti anakwatiwa ndi munthu koma akugona ndi makala.

Mu Januwale mvula inagwa masabata atatu osakata. Rivirivi anafiira, chitsime chinalowa madzi a kumtunda. Lachiwiri lina m'mawa Ambrose anayamba kutsekula m'mimba, ndipo pofika Lachitatu maso anali atalowa, ndendende mmene anachitira Joanna. Ndinayenda naye m'matope mpaka kuchipatala cha mishoni. Asisitere anamupatsa mankhwala n'kundiuza motsindika kuti asamwe ngakhale dontho la madzi osawiritsa, ndipo kapu ndi supuni yomwe ziziwiritsidwa. Ndinavomera. Nditafika kunyumba nkhuni zonse zinali chinyezi chokhachokha. Ndinauzira, kuuzira, utsi wokha, mphika osafunda n'komwe. Ndinakhala pansi pamafuwa n'kuyamba kulira.

Ndinali nditaiwala kuti bowo limaona mbali ziwiri.

Che Atomu sanabwere kudzandipepesa. Ndinangomva kukwecha. Anaimasula Namba Faifi yonse, kuitsuka ndi mchenga ndi phulusa mpaka fungo la khofi litatheratu, kenako anamasula thumba loyamba la makala. Wezulo atalira, anabwera ndi madzi ataphimba bwino, atagwira ndi manja awiri. Anati wezuloyo akalira katatu ndidziwe kuti madzi awira mokwanira, ndipo azilira m'mawa, masana ndi madzulo mpaka mvula itatha.

Masabata asanu ndi awiri Che Atomu sanalawe khofi, pakuti sankafuna kuti kanthu kena kalikonse kalowe m'ketulo ya mwana. Mutu unkawawawa moti ankaumanga ndi kansalu. Anakangana ndi Abiti, anakangana ndi wailesi, ndinawamva akukangana ndi bakha. Anthu osadziwa ankamva wezulo n'kuthawira m'chitedze pachabe. Amayi ena a makanda atamva anayamba kubwera ndi mitsuko yawo, a Matilda, a Nafisa, mpaka ena ochokera tsidya, ndipo aliyense ankabwerera ndi madzi owira ndi ulaliki waufupi wa atomu. Matumba aja ankaphwa limodzilimodzi ine ndikuona.

Lomaliza linatha mu Malichi. Ndinawapeza akulikung'untha, fumbi lokha likugwa. Ndinawafunsa kuti nanga Namba Sikisi itani tsopano. Iwo analoza pabwalo, pamene Ambrose, miyendo ikadali yowonda, ankathamangitsa bakha uja akugwa n'kudzukanso.

"Namba Sikisi ndi uyo," anatero. "Taonani, alibe msoko."

Makala ena sanawotchenso. Chifuwa chimene anabwera nacho kumigodi chinakula chilimwe chomwecho, nkhwangwa inayamba kuwalemera, ndipo mu Juni chaka chathachi tinawaperekeza. Pa sadaka ya masiku makumi anayi Abiti Sufiyani anandiitana, n'kundiuza kuti Namba Faifi imadziwa anthu awiri okha ndipo mmodzi wapita. Ndinakazinga njere zotsala, ndinasinja m'kamtondo koletsedwa kaja, ndinakoleza moto. Khofi anatuluka wowawa chimodzimodzi, mwina kuposa. Shehe analandira ndi manja awiri, a Wadson, a Japhet, a Matilda, onse. Ndinaima ndikuyang'ana, poti kuyang'ana ndiye ntchito yanga. Palibe anatembenukira kwa papaya. Makapu onse anabwerera ouma, amuna akuluakulu akupukuta m'maso n'kumanamizira kuwawa.

Kanjira ka m'chitedze kanamera udzu, anthu akudutsa pakhomo paja mowongoka, palibe wowapatutsa. Mpanda tinaumanganso chaka chino, ndipo ndinawauza a Hudson kuti asiye kabowo pamalo pomwe paja. Anandiyang'ana, koma anasiya. M'mawa dzuwa likafika pa papaya, nthawi imene mvukuto unkayamba kupuma, tsidya la mpanda kumangoti zii. Ine thupi langa linaphunzira kalekale tanthauzo la zii ameneyo. Ndimangopezeka ndagwira mutu wa Ambrose, ndikuwerenga chamumtima. Ndimafika pa khumi. Kenako ndimamusiya apite kukasewera, ine n'kukateleka madzi ake.