A Chidendene ndi Nsapato Khumi ndi Imodzi za Eyiti

Lachiwiri pa 9 Epulo 2024, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anana ndi njanji, munamwalira bambo wa zaka 71 amene kuyambira 1987 mpaka 2021 ankasoka nsapato pachipata chaching'ono cha bwalo lathu la mpira. Dzina lawo lenileni ndinalimva koyamba pamaliro, ndipo silinawakhale. Tonse tinkawatchula kuti a Chidendene. Chinawatchukitsa n'chakuti pa zaka zonsezo sanaonerepo masewero ngakhale amodzi. Ankakhala pakampando kawo atafulatira bwalo, anthu zikwizikwi akukuwa kuseri kwa khoma lomwe anatsamira. Komabe munthu akafuna kudziwa wosewera amene akugwira ntchito ndi amene akungodya za timu, ankapita kwa iwowo.

Umboni wawo unkafika m'thumba Lolemba lililonse. Wosunga katundu wa timu ankakhuthula nsapato za osewera onse pamapazi pawo kuti azikonze. Iwo ankatola imodziimodzi, kuitembenuza, kuyendetsa chala chachikulu pa mano a kunsi kwake aja, kenaka n'kugamula mlandu.

"Maso amatsata mpira," ankatero. "Mpira ndi umodzi, anthu ndi makumi awiri ndi awiri. Enawo amawaona ndani? Nsapato ndiyo ilibe m'bale."

Wotchinga kumbuyo wina, amene ife a nyuzipepala tinkamutcha mkango, iwo anamuweruza ndi mpweya umodzi: "Mano a kutsogolo ali gwa, a kuchidendene atha. Mkango wanuwu umathamanga chambuyo." Woyimbira mpira wina atabweretsa zake, anam'bwezera pomwepo. "Izi sizifuna kusoka, a Refu, zifuna kuyenda nazo. Kodi mumayimba muli pamthunzi?" Matendawa sanathere pa mpira. Abusa ena anawapatsa nsapato zawo za Lamulungu, ndipo anamva zomwe sanayembekeze: "Abusa, munthu wogwada nsonga za nsapato zake zimakalika. Zanuzi zikuwala ngati kalilole. Mumatipempherera chogona?" Abusawo anayamba kusoketsa kutali, ndipo akamadutsa pachipatapo ankayenda ngati akubisa mapazi. Ine ndemwe sindinapulumuke. Atayang'ana zanga anafunsa mwaulemu wonse kuti, "A Nyuzipepala, paja mumalemba kuti mtolankhani wathu anafika pamalopo. Amafika ndi mapazi a yani?"

Anthu ankaseka, koma ankakhulupirira. Aphunzitsi a timu asanu ndi anayi anabwera n'kupita, ndipo aliyense wa iwo, atayamba ndi kunyoza, ankatsiriza ndi kudutsa pachipatapo Lolemba masana ngati wangosochera.

Mu 2021 a Tcheyamani a timu, amenenso ali ndi kampani ya mabasi, anagula wosewera wapakati kuchokera kunja. Anamulandira ndi gulu loimba malipenga. Malipiro ake a mwezi umodzi, malinga ndi amene anaona mgwirizano, ankaposa a anzake khumi kuwaphatikiza. Ankavala nambala eyiti, ndipo dzina linakhala lomwelo. Miyezi isanu ndi iwiri inatha Eyiti asanamwetse chigoli, timu ikugonja kwawo ndi koyenda komwe. Masapota anayamba kumutcha mlendo woona malo. Tsamba la zamasewero lomwe ndinkayang'anira linkam'patsa mamalikisi atatu pa khumi sabata ndi sabata, ndipo nyuzipepala inkagulidwa bwino.

Munthu mmodzi yekha ndiye anali chete, ndipo chete wakeyo ankawawa kuposa phokoso lathu.

"Madala, tanenani! Eyiti ndi mbava kapena ayi?" masapota ankawafunsa a Chidendene.

"Sindinaone nsapato zake."

"Dziko lonse laona kuti sathamanga!"

"Dziko lonse lisoke lokha, ine sindinaone nsapato zake."

Vuto linali lakuti Eyiti anali wolemera kwambiri moti sankasoketsa. Kampani ina inkamutumizira nsapato zatsopano pa masewero aliwonse, ndipo akamaliza ankazivula n'kuziponya kwa anthu, ina uku, ina uko. Anthu omwewo amene amutukwana kwa mphindi makumi asanu ndi anayi ankang'ambirana malaya polimbirana nsapato yake. M'thumba la Lolemba simunkapezeka kanthu ka Eyiti. Kwa a Chidendene zimenezi zinali ngati woweruza kumubisira mboni.

Ndiye anachita zomwe sanachitepo: anatseka bokosi lawo la zida masiku anayi n'kuyamba kusaka. Ya kumanzere ina anaipeza kwa wometa, itapachikidwa pamwamba pa kalilole. Ina inali kwa dalaivala wa minibasi, amene anavomera kuibwereketsa pokhapokha amusokere mpando. Ina mayi wina anali atadzalamo duwa, ndipo a Chidendene anayamba agula chitini n'kuliokeramo duwalo ndi manja awo. Anasonkhanitsa khumi ndi imodzi, zisanu ndi ziwiri za kumanzere, zinayi za kumanja. Anazindandalika pabenchi n'kuziyang'ana tsiku lonse.

Mbiri ya kusakaku inawafika a Tcheyamani, ndipo Lachinayi m'mawa galimoto yawo inaima pachipata chaching'ono, pomwe inali isanaimepo. Mgwirizano wa Eyiti unkalola timu kumuchotsa ngati sakugwira ntchito mokwanira. A Tcheyamani, amene anamubweretsa okha ndi malipenga, tsopano ankafuna munthu woti asenze kugonja konse, ndipo ankafuna kuti chigamulocho chituluke pakamwa poti anthu sangatsutse.

"Madala, mwamva kuti chipatachi tikuchimanganso? Padzakhala timashopu ta njerwa, ta magetsi. Ndikufuna kamodzi kadzakhale kanu."

"Zikomo, bwana."

"Loweruka kuli msonkhano wa masapota. Mudzangonena zomwe aliyense akudziwa kale."

"Ngati aliyense akudziwa kale, bwana, ine ndikaneneranji?"

"Chifukwa malo ano ndi a timu, madala. Ndipo timu imakumbukira."

Akazi awo a Chidendene, amene anandifotokozera izi pambuyo pake, sanazungulire. "Abambo, kaneneni zomwe akufunazo. Mnyamatayo ali ndi galimoto ziwiri, inu muli ndi kampando. Akamuchotsa akapeza timu ina. Inu mukapeza chipata china kuti?"

"Ndikanama kamodzi, ndiye kuti zaka zonsezi ndimachita chiyani?"

"Mumasoka nsapato! Amene anakulembani ntchito ya uweruzi ndani?"

Msonkhano unachitika m'mawa, mu holo ya pansi pa mipando ya bwalo. Ndinalipo, ndipo zolemba zanga za tsikulo ndikadali nazo. A Tcheyamani anakhala kutsogolo ndi komiti yawo. Pambali pawo panali kaputeni wa timu, wovala nambala sikisi, amene chaka chapitacho anali atakwatira mwana wawo wamkazi. Eyiti sanaitanidwe. Atalankhula anthu asanu ndi mmodzi, onse ofuna mutu wake, anaitana a Chidendene, ndipo holo inawomba m'manja isanamve kanthu.

Anakhuthula thumba patebulo la komiti, pafupi ndi mabotolo a madzi, n'kunyamula nsapato imodzi.

"Iyi ndi ya tsiku lomwe munagonja ziwiri kwa duu. Yavalidwa kamodzi kokha. Taonani mano ake, atha ngati a agogo anga. Ya munthu wamba imafika apa pakatha miyezi iwiri. Iyi nayo chimodzimodzi. Iyinso. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi sindinaone munthu wopha nsapato chonchi."

"Nanga zigoli zili kuti?" anakuwa wina kumbuyo.

"Chigoli amamwetsa munthu amene wafika kutsogolo, achimwene. Uyu afikako nthawi yanji? Bwerani mugwire. Zonse khumi ndi imodzi zadyekera mbali imodzi. Munthuyu tsiku lonse amakhotera kumanja. Akulima munda wake, akulimanso wa mnzake. Mumamulipira ngati anthu khumi, inde, koma akugwira za awiri, ndipo mwa ife muno sindikuona amene amagwira za mmodzi n'theka."

Palibe anafunsa kuti kumanja kwa Eyiti kumasewera ndani. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana denga. A Chidendene akanalekera pomwepo, mwina kashopu sakanapeza koma kampando kakanatsala. Iwo anapisa m'thumba lina n'kutulutsa nsapato ziwiri zoyera, zolembedwa nambala sikisi.

"Izi ndakhala ndikuzilandira Lolemba lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri. Sindinazibayepo singano. Ndimangopukuta fumbi n'kubweza. Munthu atha kukwatira nazo."

"Anakwatira nazo kale!" anatero mawu ena pakati pa gulu.

Holo yonse inagwa ndi phwete. Anthu anagwira mimba, ena kumenya mipando, mlembi wa komiti n'kubisa nkhope m'buku lake. Ndakhala ndikuganiza za phwete limenelo kwa zaka zitatu. Munthu wamkulu amatha kukhululukira choona, poti choona chimatheka kuchikwirira. Kusekedwa ndiko sakhululuka.

A Tcheyamani anadikira mpaka phokoso litatha, n'kuthokoza madala chifukwa cha nthabwala zawo. Kenaka anakumbutsa masapota kuti mabasi opita nawo ku masewero akutali amaperekedwa ndi ndani, ndipo anapempha kuti ofuna Eyiti achoke aimike manja. Manja omwe aja anali kupukuta misozi ya chiseko anakwera m'mwamba ngati nkhalango. Amene sanaimike anali anayi, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi mkono m'chikhakha.

Lachitatu lotsatira a Chidendene analandira kalata yonena kuti, pofuna kuteteza anthu pangozi, chipata chaching'ono sichiyenera kukhala ndi malonda. Alonda awiri amene iwo ankawasokera ulere ndiwo ananyamula benchi. Wometa uja anabwera kudzatenga nsapato yake.

Ine ndinalemba nkhani yonse ya msonkhanowo, mawu mazana asanu ndi atatu. Mkonzi anaiwerenga, kuseka pomwe panali poseketsa, kenaka n'kundionetsa tsamba lathunthu lomwe kampani ya mabasi ija inkalengezapo malonda ake. Nkhani inatuluka ili ndi mizere inayi: masapota agwirizana kuti Eyiti achoke. Sindinatsutse. Ndikulemba lero chifukwa kampaniyo inasiya kulengeza malonda m'nyuzipepala muno, ndipo owerenga ayese kulimba mtima kwanga ndi muyeso umenewo.

Zaka zawo zomaliza a Chidendene anazithera pakhonde, akusoka nsapato za sukulu ndi malamba a zikwama. Sankagamulanso. Munthu akawapatsa nsapato ankangofunsa kuti adzaitenga liti. Ndinakawaona kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri anandifunsa za timu.

"Tagonjanso, madala. Zitatu kwa chimodzi."

"Sindikufunsa zigoli, a Nyuzipepala. Akuwasokera ndani anyamatawo?"

"Palibe. Masiku ano zikang'ambika amataya."

Anakoka ulusi.

"Ndiye kuti pali mwana wina akudzipha m'bwalomo, ndipo palibe akudziwa."

Atamwalira ndinafufuza nambala ya Eyiti, amene tsopano akusewera m'dziko lina, m'timu yomwe yatenga ligi kawiri iye ali pakati. Ndinamuuza kuti madala a pachipata atisiya.

"Madala ati?" anafunsa.

Ndinamufotokozera zonse: thumba, duwa, holo, kalata. 

"Palibe anandiuza," anatero. "Ine ndinachoka ndikudziwa kuti tauni yonse imandida. Bwanji simunalembe, akulu?"



Kumaliro kunabwera anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali a manja aja. Anafotokozerana nkhani ya abusa ndi ya refu, n'kuseka chapansipansi monga amachitira anthu pamaliro a munthu amene ankamukonda. Ya msonkhano sanaitchule. Akazi a malemuwo anakana nkhata ya maluwa yochokera ku komiti, ndipo inabwerera pa galimoto yomwe inabwera nayo.

Pachipata chaching'ono timashopu ta njerwa tinamangidwadi. Pomwe panali benchi pali kashopu kobetcherana za mpira, ndipo Lolemba masana pamadzaza anthu oyang'ana makina pakhoma, aliyense akukuwa chigamulo chake, popanda womvera mnzake. Timu inatsika mu ligi yaikulu chaka chomwecho Eyiti anachoka, ndipo sinabwererenso. A Tcheyamani akadali pampando. Mkamwini wawo anasiya kusewera mu Januwale, ndipo tsopano ndiye mphunzitsi wa timu.