Shuga wa Mandasi m'makina a amalume

Si tsiku lililonse munthu umaima pamaso pa dokotala n'kulumbira kuti magazi ena a amalume ako si awo. Ine zinandichitikira, ndipo ndifotokoza mwadongosolo monga munthu amene anapondako ku koleji (miyezi isanu ndi iwiri, maphunziro oyeza magazi. Ndinasiya ndekha asanandiuze).

Nthawi imeneyo ndinkakhala m'chipinda chapansi kwa amalume, a Che Sumaili, ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja kuno. Iwo ndi munthu wa ku Mangochi, wopemphera, ndipo ali ndi shuga wa mapilitsi. Mwana wawo popita ku yunivesite anasiya mphaka wonenepa dzina lake Mandasi, ndipo poti wopanda chochita m'nyumbamo ndinali ine, udindo unandipeza wokha. Mandasi atayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yapangolo, ndinakwera naye basi kupita kwa dokotala wa ziweto. Anamupeza ndi shuga. Ndinaseka. Mayi dokotalayo sanaseke, anangondiphunzitsa kumubaya jakisoni wa insulini kawiri pa tsiku.

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti shugayo watsika kapena wakwera?" ndinafunsa.

"Muzibwera naye, tiziyeza ife."

"Kunyumba sindingayeze?"

"Musayerekeze. Mudzangomuzunza, ndipo manambalawo adzakusokonezani mutu."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. M'basi funso linandikanirira. Mandasi akangoona chitseko cha chipatala amanjenjemera, ndipo chimodzi mwa zinthu zitatu zimene ndinatola ku koleji n'chakuti mantha amakweza shuga. Ndiye akuyeza mphakayo kapena mantha akewo? Komanso amalume amadziyeza okha m'mawa uliwonse, chonsecho iwo ngakhale miyezi isanu ndi iwiriyo alibe.

Kamakina kawo koyezera shuga kankakhala m'kabati ya kubafa. Akangonyamuka kupita kushopu kwawo, ine ndimatsika nako. Magazi a mphaka amatengedwa m'mphepete mwa khutu, ndipo khutu lozizira silitulutsa kanthu, choncho ndinkathira mpunga mu sokosi, kuutenthetsa pang'ono, n'kumuthowa. Tsiku loyamba Mandasi anagwedeza mutu ndipo ndinadzibaya chala. Magaziwo sindinawataye (5.2, ndili bwino, zikomo). Tsiku lachitatu zinatheka: 24.

Apa ndiye chidwi chinandigwira. Ndinamuyeza asanadye. Ndinamuyeza atadya. Ndinamuyeza ataona gologolo pawindo, kuti ndidziwe ngati mkwiyo nawo umakweza. Zonse ndinkalemba m'kope langa la ku koleji, lomwe linali ndi masamba oyera ambiri.

M'mawa wina kamakina kanaonetsa 2.9, pansi zedi, jakisoni ali m'manja. Sindinabaye. Ndinaimbira dokotala uja.

"Mwayeza ndi chiyani?"

"Ndi makina a anthu."

"Makina a anthu sanapangidwire amphaka," anatero. "Koma lero musamubaye. Mupatseni chakudya, mubwere ndi kope lanulo."

Titafika anandikalipira kwinaku akukopera manambala anga, ndipo anachepetsa mankhwala. Ndinabwerera ndikuyenda ngati munthu wa digiri.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kamakina kaja kamasunga chilichonse m'mutu mwake. Ramadani inali itayandikira, ndipo dokotala wa amalume anali atawauza kuti awalola kusala pokhapokha shuga wawo akakhazikika. Mkuluyo anali atatha milungu akumwa tiyi wopanda shuga, akuyang'ana kumbali pakadutsa mbale ya zitumbuwa. Tsiku lokaonana ndi dokotala anabwerako n'kukhala pansi osavula jekete.

"Mphwanga, akuti ndisasale."

"Chifukwa?"

"Adina kamakina kaja. Akuti shuga wanga akudumpha kuchoka pa 24 kufika pa 2.9, ndiye akufuna andiyike pa jakisoni. Ine chiyambire unyamata sindinaphonyepo mwezi umenewu." Anapukusa mutu. "Akutinso ndimayeza kasanu pa tsiku. Ine ndimakumbukira kamodzi. Kodi ndayamba kuiwala, iwe?"

Ndisaname, ndinaganizako zokhala chete. Koma munthu wamkulu anali akudzikayikira nzeru pamaso panga, ndipo jakisoni akanamulandira chifukwa cha gologolo.

"Amalume, 24 uja si wanu."

"Ndi wa ndani?"

Ndinaloza pampando. Mandasi anali akunyambita mwendo, ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena.

Amalume anayang'ana mphaka, anayang'ana ine, anayang'ananso mphaka. "Singano yake ndi yomweyo?"

"Ndimasintha, amalume."

"Alihamudulillahi. Nanga mpunga wanga ukutha uja?"

"Ndi wa khutu."

Anangoti mawa ndivale malaya abwino.

Kwa dokotala wawo tinakhala atatu patebulo, kamakina pakati, kope langa pambali. Iye amadina n'kuwerenga nambala, ine ndimayang'ana tsiku ndi nthawi n'kuyankha. "Mphaka. Mphaka. Munthu. Mphaka. Mphaka." Atafika pa 5.2 ndinati, "Ameneyo ndine." Dokotala anavula magalasi n'kuitana namwino kuti adzamve yekha. Titachotsa zonse za Mandasi, manambala a amalume anatsala ali pamzere ngati ana a sukulu. Anawalola kusala, bola azidziyeza masana ndipo akamva chizungulire amasule.

Anasala mwezi wonse. Mandasi tinamupezera makina akeake, ndipo ndinawalemba dzina ndi utoto. Chodabwitsa, amalume anayamba kutsika masitepe madzulo asanamasule, kope langa lili m'manja mwawo.

"Mnzanga uja lero ali pa zingati?"

"Pa 9."

"Ine 6. Umuuze alimbikire."

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kusagwira zinthu za eni ake. Koma mwezi womwewo amalume anagula makina oyezera kuthamanga kwa magazi, aja omanga pamkono, ndipo ine ndinangofunsa, mwaulemu ndithu, ngati lamba wake amatha kuchepetsedwa. Kuyambira tsiku limenelo kabati ya kubafa ili ndi loko, kiyi amapita naye kushopu, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti magazi a mphaka amathamanga bwanji.