Ndege ya Amishoni ya M'kabati Mwathu

Pali nkhani imene ndikaikumbukira ndimafuna kulowa kunsi kwa bedi, chonsecho ndine mayi wamkulu wa ana awiri. Ndikuuzani, koma museke mondimvera chisoni.

Inali nthawi ya korona ija, tchalitchi chathu cha kuno kunja, ku Mirrabooka, chitasamukira pa intaneti. Akulu a mpingo ankafuna mphunzitsi wa Sande Sukulu, ndipo tinatsala awiri, ine ndi Mayi Chirwa. Aliyense anapatsidwa Lamlungu lake loti aonetse luso, abusa ndi makolo akuonerera. Mayi Chirwa anayamba. Anabwera ndi tinkhosa tosoka okha, ana mpaka kuwomba m'manja. Sindibisa, nsanje inandigwira.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi injiniya ku migodi, ndipo masiku amenewo anali atatsekeredwa ku site. Iwowo ali ndi matenda awo: kusonkhanitsa tindege tachitsulo, tokwana pachikhatho koma tolemera. Tindegeti timakhala m'kabati yagalasi pabalaza, pamalo pamene munthu wanzeru akanaika mbale za alendo. Lamulo lake ndi limodzi, osakhudza. Akayamba kufotokoza mbiri ya tindegeto ine ndimangoti "eee, eee", maganizo ali ku shift ya mawa.

Loweruka ndikupukuta galasi, maso anagwera pa kandege kobiriwira. M'malo mwa matayala kanali ndi timabwato tiwiri kunsi, ndipo pamapiko ndi m'mbali panali mtanda wakuda wooneka bwinobwino. Ndinati Ambuye mwayankha! Ndege yotera pamadzi, ya mtanda, ingakhalenso ya ndani kupatula amishoni?

Lamlungu ndinamanga duku langa la pa Khirisimasi n'kuyatsa kamera.

"Ana inu, taonani! Iyi ndi ndege imene amishoni ankakwera popita kukalalikira kuzilumba."

Ana anasendera pafupi ndi ma screen. Pakona ndinaona bambo a Tadala, alowa kuchokera ku camp, ali pa mute, akukupiza manja onse awiri.

"Mwaona? Ngakhale ankolo anu ku mgodi uko Mzimu wawakhudza. Aleluya, bambo a Tadala!"

Anagwira kumutu. Ine ndinati akupemphera.

Kenaka Jayden, mwana wa Mayi Chirwa yemweyo, anakweza dzanja. "Auntie, why's the missionary got a gun at the back?"

Ndinayang'anitsitsa. Kumbuyo kwa mpando kunalidi kanthu kosongoka, koma mphunzitsi sagonja pamaso pa ana.

"Si mfuti imeneyo, mwanawe, ndi chimkuzamawu. Ankalalikira ali m'mwamba."

"And those things under the wings?"

"Mitolo ya Mabaibulo! Akafika pamwamba pa mudzi ankangoiponya, anthu n'kumatola."

Foni yanga inayamba kunjenjemera patebulo. Bambo a Tadala. Ndinaidula. Munthu angaimbire bwanji mkazi wake ali pa ntchito ya Mulungu? Ndinayambitsa ndi kolasi yomwe, kandege ndikukaulutsa uku ndi uku, ana akuvina m'mabalaza mwawo.

Mwadzidzidzi mawu anaphulika. Abambo aja anali atalipeza batani lochotsera mute.

"Amake Tadala! Choyamba, gwirani ndi manja awiri, muthyola propela! Chachiwiri, imeneyo ndi ndege ya asilikali a ku Jeremani, ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse! Ankaiulutsa kuchokera pa sitima yankhondo kuti ikazonde zombo zoti amize. Mtandawo ndi chizindikiro cha asilikaliwo, ndipo Mabaibulo anuwo ndi mabomba!"

Nkhope zonse zinauma m'timabokosi mwawo, ine kandege kali m'mwamba, mkono wakana kutsika. Kamera ya Mayi Chirwa inazima, koma mute anaiwala. Tonse tinawamva akuseka mpaka kutsamwa.

Ndinayesabe kudzipulumutsa. "Komabe, abusa, mwina ena mwa iwo anali anthu opemphera..."

Abusa anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Mayi, kunena zoona amishoni anuwa anatumiza anthu ambiri kumwamba. Koma njira yake si imene timaphunzitsa ana pano!"

Sande Sukulu inapita kwa Mayi Chirwa. Tchalitchi chitatsegulidwa, ine anandipatsa udindo woima pakhomo n'kumapopera anthu sanitizer, ntchito yosafuna kuyankhula.

Abale anga, musanaimbire mtanda aleluya, yambani mwasuzumira kunsi kwa mapiko.