Khutu la Golide ndi Ampu ya Ba Lahcen

Dilu yonse anaiphikira pa kafe ya pakona ku Derb Sultan m'Casablanca, Lachinayi masana, amuna atatu andevu zawo atazungulira kapu imodzi ya khofi. Ine panalibe. Anadzandiuza zonse pambuyo pake ndi Mouhcine, mmodzi wa iwo, mamina ali chuchuchu.

Mtsogoleri anali Abdelhak, amene anadzipatsa yekha dzina loti Khutu la Golide. Ankati akhoza kudziwa mtundu wa waya ali kuseri kwa khoma. Mouhcine uja timamutcha Chala, poti zaka khumi zonsezi amaimba ndi chala chimodzi, zinazo zimangoperekeza. Wachitatu anali Redouane, Firiji, chimunthu chimene mabandi amachiitana chifukwa cha mapewa basi. Onse atatu oimba gitala ya besi, onse atatu opanda bandi.

Chimene ankafuna ndi ampu ya Ba Lahcen, bokosi lokuzira mawu a gitala. Mdalayu waimba besi m'maukwati a m'Casablanca kuyambira ine ndisanabadwe. Ampu yake ndi ya machubu, zakale zija zokhala ndi mababu agalasi m'kati, zoti uziyatse, udikire zitenthe, ndiye ziyambe kulankhula. Kulemera kwake makilogalamu makumi anayi, ndipo msana wa mdalayo inaudya wonse ndi imeneyi. Tsono mwini bandi, munthu amene sananyamulepo ngakhale waya, anamuuza pagulu kuti: "Madala, Loweruka mubwere ndi ampu yanu ija, mutanyamula nokha. Mukalephera, kapena mukabwera ndi tizidole ta masiku anoti, mpando wanu ndipatsa wina." Munthu woti wamuimbira zaka makumi atatu. Ndikamakumbuka magazi amawira.

"Tamverani, amwene," anatero Khutu akukokera kapu kwa iye. "Ampu ikasowa, mdala alibe mawu. Loweruka ine ndikutulukira nayo itavala nsalu ina, mpando ndi wanga. Ndikalowa ine, nanunso mwalowa."

"Bandi imodzi, mabesi atatu?" anafunsa Firiji.

"Iwe ntchito yako ndi kunyamula. Kuganiza undisiyire ine."

"Nanga ili kuti ampuyo?"

"Ili kokonzetsa. Kwa kamtsikana ka tizidole kaja."

Kamtsikanako ndine. Dzina langa ndi Ghizlane, koma atatuwa sanalitchulepo. Kukonza maampu ndinaphunzira ndekha, pafoni ndi pozipsereza zala, ndipo ndimagwirira ntchito m'kachipinda ka padenga, nsanja yachisanu, nyumba yopanda chikepe. Tchimo langa kwa iwo ndi loti ndimaimbira ampu yamakono, yopanda machubu, yolowa m'chikwama ngati buledi.

"Mawa Lachisanu, anthu akangotuluka kumzikiti," Khutu anamaliza. "Nthawi imeneyo ngakhale apolisi manja amakhala ali m'mbale ya kusikusi, chakudya cha Lachisanu. Mphindi zisanu, tatuluka. Bho?"

Anagundana zibakera. Khofiyo anamaliza ndi Khutu.

Lachisanu anafikadi. Loko anathyola ndi chitsulo chochotsera matayala. Firiji anali atamanga lamba wa onyamula zitsulo, Chala atavala magalasi akuda kuti asadziwike, m'dera limene anabadwira. Ampu ya mdala inali pansi pafupi ndi chisipika choyesera, yanga yaing'ono ili pathebulo, besi yanga ili pakhoma. Wakuba wanzeru akanalowa, kunyamula, kutuluka. Koma awa ndi oimba besi.

"Akulu," anayamba Chala, "bwanji tingotenga kakang'onoka? Masitepe onse aja titsika tikuimba likhweru. Anthu akuti mawu ake ndi omwewo."

"Wati chiyani?" anafunsa Khutu.

"Ndangoti anthu akuti..."

"Anthu ake ati? Ogontha? Tandipatse besiyo. Lero ndikutsuka m'makutu."

Besi ili ndi khalidwe limodzi: simveka ndi khutu lokha, imayenda m'simenti. Ine ndinali pansi pawo penipeni, kwa Mi Zhor, mayi amene amandidyetsa Lachisanu lililonse pamodzi ndi ana awo awiri ogwira ntchito kudoko. Timatambula tagalasi ta tiyi tinayamba kuvina pathireyi.

"Mwana wanga," anatero Mi Zhor, "iwe uli pano. Nanga akuimba kudengako ndani? Ziwanda?"

"Ngati ndi ziwanda, Mi, chimodzi ndikuchidziwa. Chimathamangira kutsogolo kwa nyimbo kuyambira kale."

Tinakwera opanda nsapato, tonse anayi, Mi Zhor atagwira chikombe. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ndinaletsa anyamatawo ndi dzanja, n'kuyatsa kamera ya foni.

Khutu anali akuimbira ampu yanga, nkhope atakwinya ngati wamwa mankhwala. "Wamva? Kuuma. Ngati munthu akumenya chitini. Mulibe mtima umu." Anasolola waya, n'kulumikiza ya Ba Lahcen. "Tsono dikira. Machubu sawathamangitsa, atenthe kaye."

Anadikira. Mbava zitatu m'nyumba ya eni, loko wothyoka ali pansi, zitaimirira manja kumbuyo mphindi ziwiri zathunthu. Kuseri kwa kawaya ka kutsogolo kunayamba kuwala mofiirira. Khutu anakhudza chingwe, natseka maso.

"Apo. Wamva mafuta amenewo? Uchi, aise. Galasi likupuma limenelo. Izi sungazipeze m'tizidole, ngakhale azungu atazipanga zaka chikwi."

"Komadi akulu, ndagonja," anatero Chala. "Zatalikirana ngati kumwamba ndi pansi."

Firiji anapukuta msozi ndi chala chachikulu.

Tsopano ndikuuzeni zimene tinkadziwa awiri okha, Ba Lahcen ndi ine. Sabata imeneyo ndinali nditachotsa matumbo onse a ampu ija, zitsulo zolemera zonse, n'kuziika m'kireti pambali pa thebulo. M'bokosi lakalelo ndinamangiriramo ampu yamakono, mphasa yeniyeni ya yanga imene Khutu anali atangoitukwana. Machubu anayi akufa ndinawasiya kutsogolo, kumbuyo kwake timagetsi tofiirira tokongoletsera makeke. Ndinaikanso kachipangizo kochedwetsa mawu pang'ono ukayatsa, kuti madolo azisangalala podikira. Uchi umene Khutu ankanyambitawo unali chitini chomwe chija.

"Basi, tiyeni," anatero Khutu. "Ichi ndi chilombo, makilogalamu makumi anayi. Firiji uko, Chala uku, ine kutsogolo. Mphamvu zonse nthawi imodzi, wina asachite ulesi."

Firiji anakokera lamba bowo lina. Analavulira m'manja, anapinda mawondo, anapuma katatu.

"Kamodzi, kawiri, katatu!"

Bokosilo linali litatsala makilogalamu asanu ndi atatu. Linauluka. Ngodya yake yachitsulo inamupeza Khutu pakhutu lakumanja, la golide lenilenilo, phaa, munthu n'kukhala pansi m'kireti ya zitsulo ija. Chala anazungulira kawiri, waya wa besi n'kumumanga miyendo. Firiji anabwerera chambuyo, anatuluka pakhomo, anadutsa pakati pathu ngati basi yopanda mabuleki, n'kukagwa chagada m'zingwe zoyanikira, atakutidwa ndi nsalu za pabedi za Mi Zhor. Ampu inatera pamimba pake bwinobwino, osakalika ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo ndiye ndinaona ntchito ya chimimba chakecho.

"Nsalu zanga zochapa dzulo," anatero Mi Zhor, chikombe chikutsika pamutu pa Firiji.

Anyamata a kudoko anawakhazika atatuwo pakhoma ngati matumba. Ine ndinkafuna apolisi, ndipo nambala ndinali nditayamba kale kudina, pamene Ba Lahcen anafika pamwamba kudzatenga ampu yake, wefuwefu, atavala mkanjo woyera wa kumzikiti. Anaonera kanema yense. Pofika pa uchi paja anapempha kuti ndibwereze.

"Mwana wanga, apolisi asiye," anatero.

"Ba, anthuwa amafuna kukulandani mpando. Andithyolera loko. Mukuti ndiwaphikire tiyi?"

"Loko agula. Koma ukawatengera kupolisi, mawa tauni yonse idziwa zimene zili m'bokosili, mwini bandi akhala woyamba." Anatembenukira kwa Khutu, amene khutu lake linali litafufuma ngati ndasi. "Abdelhak, ukhoza kukaulula, palibe akuletsa. Ghizlane naye akhoza kutumiza kanemayu kwa oimba besi onse kuyambira kuno mpaka ku Tangier. Wasankha chiyani?"

Khutu anayang'ana foni yanga nthawi yaitali.

"Ndiulule chiyani, Ba? Ine sindinaone kanthu."

Sindinakhutire, ndipo mpaka lero sindinakhutire. Ndinawanyamulitsa kireti ya zitsulo ija, makilogalamu makumi atatu ndi awiri, kutsika nsanja zisanu. Atafika pansi ndinakumbukira kuti zitsulozo ndikuzifunabe, ndiye anakwera nayonso.

Loweruka ndinapita ku ukwati kumene bandi ya mdalayo inkaimba. Ba Lahcen analowa m'holo ampu ili paphewa, akubuula mokweza sitepe iliyonse, thukuta lake lili la madzi a m'botolo. Anaiyatsa, anadikira mphindi ziwiri ngati mwa nthawi zonse, kenaka anaimba mpaka azakhali a mkwatibwi anavula nsapato. Mwini bandi anamuona Khutu ali pakhomo, mutu utakulungidwa bandeji, n'kumukodola.

"Dolo, iwe uli ndi khutu. Mdala wangayu akumveka bwanji?"

Ndinatulutsa foni m'thumba, n'kuipukuta pang'onopang'ono pa malaya.

"Machubu ndi machubu, bwana," anatero Khutu. "Ndikuwamva ngakhale ndi khutu limodzi."