Ngolo ya Panjanji Itatithawitsa

Mpaka lero ndikamva hutala patali, msana umayamba kuyabwa. Musaseke msanga, imvani kaye.

Kwathu kuno, chakumunsi kwa Kasinje, kuli kasiteshoni ka sitima kakalekale komwe kanatsekedwa ife tili anyamata. Anthu atayamba kuzula malata ndi zitseko, tinapanga komiti yoti tikasamale, ana athu adzaone pomwe agogo awo ankakwerera popita ku Halale. Ine anandisankha wapampando (chifukwa cha mawu aakulu basi, za njanji sindidziwa kanthu).

M'kashedi kakuseri tinapezamo ngolo yachitsulo, ija ankayendera anthu okonza njanji, yopopa ndi manja ngati mjigo. Che Amidu, mwini golosale pamsika, anapereka penti ndi girisi. Tinaipala dzimbiri, tinaipaka, inachita kuwala.

Loweruka lina masana ndinati tiiyese. Sitima ya katundu imadutsabe pano, koma mwa apo ndi apo, ndipo palibe amadziwa tsiku lake. Che Amidu anakayika.

"Apampando, nanga ikatulukira?"

"Tingofika pamtengo wa mango apo n'kubwerera," ndinatero. "Kwerani, musachite mantha ngati mwana."

Tinainyamula anthu ambiri n'kuikhazika panjanji. Che Amidu anakwera atavala mkanjo wawo woyera. Tinapopa kangapo, ngolo n'kuyamba kuyenda, anthu akuwomba m'manja. Mayi Nangozo, mlembi wa komiti yathu, ankatithamangira akukupiza chimtengo m'mwamba. Ine ndinkati akutisangalalira, moti ndinawabayibitsa ngati phungu.

Mtengo wa mango tinaudutsa. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti njanji ija, ngakhale imaoneka yosalala, ndi yotsetsereka. Tinasiya kupopa koma chogwirira chija chinkangodzikweza ndi kudzitsitsa chokha, kufuna kutiswa zibwano.

"Gwirani buleki!" anakuwa Che Amidu.

Ndinapapasa pomwe pamakhala buleki. Panali bowo lokha. Chimtengo chimene ankakupiza Mayi Nangozo chija ndiye chinali buleki, tinachizula tsiku lopaka penti.

Abale, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Mateyala ankalira ngati chigayo, minda ya nandolo ikungodutsa ngati mphepo. Kutsogolo kunali mlatho wautali wa pamtsinje, wopanda kotsamira, pansi pake miyala yokhayokha. Che Amidu ankapemphera m'Chiarabu, ine ndinayamba Atate Wathu koma ndinkangobwereza mzere woyamba (wotsatira unandithawa, ine mkulu wa mpingo).

Kenako tinamva hutala. Pooo! Kutsogolo kwathu, kuseri kwa kaphiri.

"Sitima!" ndinakuwa. Ndinaganiza za mkazi wanga, yemwe ndinamuuza kuti ndikupita kumsonkhano chabe.

"Apampando, musandisiye," anatero Che Amidu atandigwira mkono. "Mkanjo wakodwa pachitsulo!"

"Sindingakusiyeni, achimwene. Tifera limodzi."

Hutala inaliranso. Mawu anga aja asanazizire n'komwe, ndinali m'malere. Ndinadumpha ndekha.

Ndinagwera pachitsamba chofewa bwino, ndipo ndinathokoza Mulungu. Ndinatseka maso kudikira chiphokoso cha kugundana, misozi ikutsika, ndikuganiza zokanena kwa ana a Che Amidu. Kunali zii. Nditasuzumira ndinaona ngolo ija ikuchepetsa liwiro pakachitunda, n'kuima yokha mlatho usanafike. Kumsewu wafumbi kuseri kwa kaphiri kunatulukira lole yogula nandolo, ikuimbira hutala ng'ombe.

Ndiye thupi linayamba kuyaka. Chitsamba chofewa chija chinali chitedze.

Ndinavula malaya pomwepo, ndikudzikanda ndi mwala, ndikugubuduka m'dothi ngati bulu. Che Amidu anatsika mwaulemu, mkanjo utang'ambika mpaka m'chiuno, n'kudzaima pambali panga.

"Mwafa kale, apampando? Paja timati tifera limodzi."

Ngoloyo tinaikankha kukwera mtunda wonse uja, ine wopanda malaya, dzanja limodzi pangolo lina kumsana. Pasiteshoni tinapeza mudzi wonse ukudikira, mkazi wanga ali patsogolo. Sanandikalipire. Anangonditolera phulusa n'kundipaka pagulu, zomwe zinawawa kuposa kukalipa.

Ngolo ija pano ili pakhonde la siteshoni, yomangidwa ndi tcheni, ndipo ana asukulu amabwera kudzaiona. Che Amidu anandikhululukira, koma ndikawapempha kuti anditenge panjinga yawo yamoto popita ku Boma, amandiyang'ana kaye kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kwerani," amatero, "koma malamba athu timangirira pamodzi."